KANATI KAMODZI KANACEDWETSA ULENDO WA KU KATETE

Munthu akatsegula boneti ya galimoto yaing'ono monga Toyota Corolla, n'kuyang'ana m'mbali pamwamba pa wilo lililonse la kutsogolo, amaona manati atatu ang'onoang'ono ozungulira kacibvundikiro ka mpira. Pansi pa kacibvundikiroko pali nati ina yokulirapo, imene ili pakati penipeni. Kukula kwace sikusiyana kwambiri ndi cala cacikulu ca munthu, koma amakanika onse odziwa nchito yao amaiopa, pakuti ndiyo yokha imene igwira sipuling'i ya galimoto kuti isadumphe. Anthu a kumudzi adziwa bwino za diwa. Mwala wa diwa ndi wolemera, koma cimene ciuimika ndi kamtengo kocepa, ndipo mwana wokhudza kamtengoko asanaganize za mwalawo amabwerera kwa amai ace akulira ndi dzanja lotupa.

Miyendo ya galimoto ya mtundu umenewu ichedwa MacPherson strut, kutengera dzina la injiniya wa ku America, Earle MacPherson, amene anaikonza. Kampani ya Ford ya ku Britain inaiika pa magalimoto a Consul ndi Zephyr m'caka ca 1950, ndipo makampani ena ambiri anatsatira cifukwa ndi yosabvuta kupanga. Nzeru yace ndi yakuti shoko ndi sipuling'i zimangidwa pamodzi n'kukhala mwendo umodzi. Shoko ndi paipi ya citsulo yodzaza mafuta, ndipo mkati mwace mumayenda ndodo yosalala imene ilowa ndi kutuluka galimoto ikamagunda m'maenje. Sipuling'i izungulira ndodoyo. Pansi ikhala pa mbale yoocherera ku paipi, pamwamba ipanidwa ndi mbale ina pamodzi ndi mpira ndi beringi. Nati ija imangidwa pa nsonga ya ndodo, ndipo ndiyo igwirizanitsa zonsezi. Galimoto yolemera tani imodzi ikaima, wilo lililonse la kutsogolo lisenza makilogalamu pafupifupi 300, ndiko kuti matumba 6 a fetereza. Ngakhale mwendo wonse utacotsedwa pa galimoto, sipuling'i siwongoka yonse ai. Mphamvu yambiri imatsala yomangika pansi pa natiyo.

Mu Zambia miyendo yotere inadziwika kale. Magalimoto ena a Fiat ndiponso a Peugeot 504 amene anali kulumikizidwa ku fakitale ya Livingstone Motor Assemblers m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anali nayo kutsogolo. Malonda atamasulidwa pambuyo pa caka ca 1991, magalimoto ogwiritsidwa kale nchito a ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri, kutsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Nakonde ndi kutsata mseu wa Great North kupyola Kapiri Mposhi ndi Kabwe. Magalimoto amenewa anapangidwira miseu yosalala ya kwao, motero mimba yao ili pafupi ndi dothi. N'cifukwa cace eni ace ambiri amafuna kuikapo mashoko olimba ndi masipuling'i otalikirapo, kuti galimoto ikwere pang'ono ndi kutha kufika kumudzi. Aliyense wofuna kucita zimenezi ayenera kukumana ndi nati ija.

Tauni ya Kabwe inakula ndi manja a anthu ogwira zitsulo. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko m'caka ca 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo dzina lakale la Broken Hill linasinthidwa mu 1966. Kampani ya Zambia Railways itakhazikitsidwa mu 1967, likulu lace ndi nyumba zace zazikulu zokonzeramo sitima zinakhala ku Kabwe. Anyamata ambiri a m'cigawo ca Kum'mawa anabwera kudzafuna nchito ku mgodi ndi ku njanji, ndipo ngakhale mgodiwo unatsekedwa mu 1994, ena a iwo sanabwerere kwao. Mmodzi wa otsalawo ndi bambo wina wacikulire wa ku Natuseko, amene anacokera ku Katete m'zaka za m'ma 1970 nagwira nchito yomanga ndi kumasula zitsulo za sitima kufikira atapuma. Maso ao afooka tsopano, koma bokosi lao la zipangizo likali pansi pa bedi, sipanala iliyonse yopukutidwa ndi mafuta.

Bambowa ali ndi muphwa wao, mwana wa mlongo wao, amene anamlera kuyambira ali pa sukulu. Mnyamatayo ayendetsa takisi m'tauni, galimoto yaing'ono ya ku Japan imene anaigula kwa munthu wina itayenda kale zaka zambiri. M'nyengo ya kukolola kunabwera mau pa foni akuti amai ace kumudzi, kuseri kwa Katete, atupa miyendo ndipo afunika kupita nao ku cipatala ca St Francis. Kucokera ku Kabwe kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 140, ndipo kucokera ku Lusaka kukafika ku Katete ndi pafupifupi 500, kuoloka mlatho wa Luangwa ndi kupyola Nyimba, Petauke ndi Sinda. Mtunda wonsewo ndi wa phula. Cimene cinamdetsa nkhawa mnyamatayo ndi kanjira komaliza kolowera kumudzi, kamene ngolo za ng'ombe zinakumba mizere iwiri yakuya, pamene galimoto yace inakhula mimba pa ulendo wapitawo. Mashoko ace nawonso anali atayamba kudontha mafuta. Tsono anatenga ndalama zimene anasunga nagula mashoko atsopano ndi masipuling'i otalikirapo pang'ono, napangana ndi amalume ace kuti agwire nchitoyo Loweruka, iye anyamuke pa Sabata m'mawa.

Loweruka dzuwa litangotuluka galimoto inali itaima pansi pa mtengo wa mango pabwalo la amalumewo. Miyendo ya kumbuyo sinabvute. Atafika kutsogolo mnyamatayo anathamangira jeke, koma amalume ace anamletsa. Anamuuza kuti nati ya pakati iyenera kuyamba kugwedezedwa galimoto ikali pa matayala ace, cifukwa pa nthawiyo kulemera kwa galimoto ndiko kupanikiza sipuling'i, ndipo mwendo wonse uli wogwirika zolimba. Anamcenjeza kuti aipotoze pang'ono cabe, gawo limodzi la magawo anai a mzungulo umodzi, osaicotsa. Nati ya kumanzere inalira pang'ono n'kubvomera. Ya kumanja inazungulira mofewa kwambiri kotero kuti mnyamatayo anakondwera, koma atayang'anitsitsa anaona kuti ndodo ya shoko inali kuzungulira nayo pamodzi, ndipo natiyo sinasunthe pa mazinga ace ngakhale pang'ono.

Limeneli ndilo bvuto lodziwika la nati imeneyi. Ndodo ya shoko iyandama m'mafuta ndipo palibe coigwira mkatimo. Opanga ena amaboola kabowo ka ngodya zisanu ndi imodzi pa nsonga ya ndodo kuti makanika alowetsemo kii wa Allen ndi kuigwira pamene apotoza nati. Ena amasema nsongayo mbali ziwiri kuti ikole m'mbale ya pamwamba. Pa shoko imeneyi panali kabowo, koma munthu wina amene anaimanga kale anali atakadya ngodya zace, ndipo kii anali kungoterereka. Kuonjezera apo kacibvundikiro ka mpira kanali katatayika, motero madzi a mvula ndi otsukira injini anali kukhazikika pa natiyo zaka zambiri, ndipo dzimbiri linagwirizanitsa nati ndi ndodo monga citsulo cimodzi.

Mnyamatayo anaganiza zoitana mnzace woocherera zitseko kuti aoche natiyo ndi moto wa gasi. N'zoona kuti moto umamasula mabauti ambiri a dzimbiri, ndipo amalume ace anaugwiritsa nchito kosawerengeka pa zitsulo za sitima. Koma pano anakana. Anati m'shoko muli mafuta, ndipo m'mashoko ambiri a masiku ano muli mpweya wa naitirojeni wopanikizidwa, umene ukatentha ukhoza kuphulitsa paipi. Pafupi pomwepo pali mpira, mawaya a magetsi ndi mapaipi a mafuta a mabuleki. Motero anakweza galimoto pa jeke, naika zitsa zolimba pansi pace, namasula mabauti awiri akuluakulu a pansi ndi manati atatu a pamwamba, nacotsa mwendo wonse n'kuugoneka pa thumba pansi pa mango. Apa m'pamene anakumbukira kuti analibe makilampu opanira sipuling'i. Masipuling'i a kumbuyo anali atangotuluka okha atatsitsa ekiselo, koma a kutsogolo sacotsedwa motero.

“Amalume, musabvutike,” anatero mnyamatayo. “Anyamata a matayala ku mseu waukulu ali ndi mfuti ya mpweya yomasulira manati. Amagoneka shoko pansi, mmodzi aponda sipuling'i ndi phazi, wina aombera natiyo. Mphindi imodzi nchito yatha.”

“Nanga natiyo ikacoka, sipuling'i ipita kuti?” anafunsa amalumewo.

“Imadumphira ku cipupa.”

“Imadumphira ku cipupa tsiku limene yafuna. Iwe unaiona kangati? Ku njanji tinali ndi lamulo limodzi: usanamasule citsulo, uyambe wafunsa cimene cagwira. Nati iyi yagwira matumba a fetereza, ndipo iwe ufuna kuyatula pa phazi la mwana wa eni.”

Mau a mkuluyo anali oona. Nati ikafika pa zinga lomaliza, sipuling'i imakankha mbale, beringi ndi natiyo mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, ndipo zitsulo zimenezi zimauluka monga mwala wa legeni. Anthu anaguluka mano, ena anathyoka zala, ena anataya diso pa nchito yomweyi. Ena amayesa kumanga sipuling'i ndi waya kapena zingwe galimoto ikali pansi, koma waya amatereka pa citsulo cosalala ndipo amaduka osacenjeza.

Mnyamatayo anali atatopa, ndipo dzuwa linali litapendeka. Tsiku lililonse limene takisi yaima ndi tsiku lopanda ndalama, ndipo mtima wace unali kumudzi. Analankhula mau amene sanayenere kulankhula kwa munthu amene anamlera. “Amalume, amene adwala ndi mlongo wanu wa bere limodzi. Inu mudera nkhawa kanati, iwo ali gone pa mphasa.”

Amalumewo anakhala cete kanthawi akupukuta manja. Kenaka anati, “Ndi mlongo wangadi, ndipo ndinamdziwa iwe usanabadwe. Ali ndi mwana wamwamuna mmodzi. Ndikamtumizira mwanayo ali ndi diso limodzi, ndidzamuuza ciani?” Atatero analowa m'nyumba natenga foni. Anatumiza ndalama za penshoni yao kwa wacibale wa kumudzi kuti apeze galimoto ya kufupi yonyamula wodwalayo kupita ku St Francis madzulo omwewo. Ndalamazo zinali zogulira malata awiri a pa khonde, amene anali kudontha. Mnyamatayo atamva amalume ace akulankhula pa foni anaweramitsa mutu, ndipo sanachulenso za mfuti ya mpweya.

Tsono popeza wodwala anali ndi njira yace, nati inapatsidwa nthawi yace. Anapala dzimbiri lonse la pa mazinga ndi burashi ya waya, nathira mafuta opyapyala omasulira dzimbiri, nagogoda natiyo m'mbali pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono kuti dzimbiri ling'aluke ndi mafuta apeze polowera. Anaimika mwendowo ku cipupa kuti mafuta atsikire m'mazinga usiku wonse, ndipo asanagone anathiranso kawiri. Mafuta otere safuna kuculuka, afuna nthawi, pakuti amayenda m'timing'alu tosaoneka monga madzi akwera m'nsaru. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo omwewo mnyamatayo anatumidwa pa njinga ku Bwacha kwa mnzao wa amalumewo, amene kale anagwira nchito ku mgodi, kukabwereka makilampu awiri opanira sipuling'i.

Pa Sabata atabwera kopemphera anayamba ndi kupitikitsa ana amene anali atasonkhana kudzaonerera. Kilampu iliyonse ndi bauti lalitali lokhala ndi mbedza ziwiri zokola mazinga a sipuling'i. Anapaka girizi pa mabautiwo, naika kilampu ina mbali ino ndi inzace mbali inayo moyang'anizana, naloza nsonga zonse ziwiri za mwendowo kumene kulibe munthu. Anamanga mosinthanasinthana, mizungulo iwiri kuno ndi iwiri uko, cifukwa kilampu imodzi ikatsogola sipuling'i imapindika ngati uta ndipo mbedza zimatereka. Anapitiriza kufikira sipuling'i inalekana ndi mbale ya pamwamba, moti munthu akaigwedeza inali kugwedera. Cimeneci ndico cizindikiro cakuti mphamvu yonse yacoka pa nati ndi kusamukira pa makilampu.

Apo m'pamene amalumewo analola kugwira ndodo ndi pulayala yoluma. Anamfotokozera muphwa wao kuti pa shoko imene ibwerera pa galimoto zimenezi sizicitika konse, pakuti mano a pulayala amakanda ndodo, ndipo ndodo yokandika imang'amba mpira wotsekera mafuta, shoko n'kufa m'milungu yocepa. Koma iyi inali yotaya. Anapana mwendo m'vaisi, naluma ndodo zolimba pafupi ndi pamwamba, naika sipanala yozinga nati mbali zonse, osati yapakamwa potseguka imene imadya ngodya. Ku sipanalayo anabvekako paipi yotalika ngati mkono ndi theka. Anayamba ndi kukankhira kumbali yomangira pang'ono kwambiri kuti dzimbiri lithyoke, kenaka anauza mnyamatayo kuti akokere kumbali yomasulira mosalekeza, osati mogwedeza. Kunamveka kulira kwa citsulo kamodzi kokha, kuti thwa, ndipo natiyo inayamba kuyenda, ikutulutsa fumbi lofiira. Ikanakanabe, amalumewo anali atakonzeratu sowo ya zitsulo ndi chizulo kuti aing'ambe pakati, pakuti sipuling'i itapanidwa bwino kudula nati kulibe ngozi.

Kumanga nako kuli ndi malamulo ace. Sipuling'i yakale anaimasula pang'onopang'ono monga momwe anaipanira, ndipo yatsopano, pokhala yotalikirapo, inafuna kupanidwa kwambiri kuposa inzace. Anaonetsetsa kuti nsonga yace yakhala m'kamphako kace pa mbale ya pansi. Beringi ya kumanja inali kukukuta poizungulitsa, motero anaisintha, pakuti ndiyo ilola mwendo kutembenuka woyendetsa akapotoza ciwongolero. Anagwiritsa nchito nati yatsopano imene inabwera ndi shoko, yokhala ndi kamphete ka pulasitiki mkati koiletsa kumasuka yokha, pakuti kamphete kameneka kakagwira nchito kamodzi sikalumanso bwino. Anaimanga ndi manja atagwira ndodo ndi kii, namaliza ndi sipanala yoyesa mphamvu monga mwa muyeso wolembedwa m'buku la galimotoyo. Mfuti ya mpweya siyenera kumanga nati imeneyi, cifukwa imazungulitsa ndodo mothamanga n'kumasula za mkati mwa shoko, ndiponso imamanga mopyola muyeso, kumene kudzabvutitsa munthu womasula mtsogolo.

Panali kukangana kwina kumodzi. Mnyamatayo anali atagulanso masipesa, zitsulo zoika pamwamba pa mwendo kuti galimoto ikwere koposa. Amalume ace anati masipuling'i otalikirapo akwanira. Galimoto ikakwezedwa mopitirira, mikono yopereka mphamvu ya injini ku mawilo imagwira nchito itapendeka ndipo mfundo zace zimatha msanga, matayala amadyeka mbali imodzi, ndipo galimoto imapendama kwambiri pokhota. Anamkumbutsa za makhota a m'mapiri a Manenekela pa mseu wa Great East, kumene galimoto yopendama ndi katundu siikhululukidwa. Masipesawo anabwezedwa ku sitolo.

Lolemba galimoto inapita ku galaja ya m'tauni kukaongola mawilo pa makina, pakuti mabauti a pansi akamasulidwa mawilo sabwerera pamalo pao peni-peni, ndipo tayala latsopano likhoza kutha pa ulendo umodzi wautali. Laciwiri mbandakuca mnyamatayo ananyamuka, masiku awiri pambuyo pa tsiku limene anafuna. Anapeza amai ace ali m'cipatala, atalandira kale mankhwala ndipo kutupa kutayamba kuphwa. Atatulutsidwa anawatengera kumudzi pa kanjira ka ngolo kaja, galimoto osakhula mimba. Pobwera ananyamula thumba la nsawawa ndi nkhuku ziwiri za amalume ace, zocokera kwa mlongo wao.

Masiku ano magalimoto ang'onoang'ono amenewa afika m'midzi yambiri ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi, kumene anyamula odwala, ana a sukulu ndi mbeu zopita ku msika. Akaonongeka, amapita kwa amisiri a pafupi amene anaphunzira nchito pa njinga, pa ngolo ndi pa zigayo. Ambiri a iwo ndi anthu a luso, koma sipuling'i yozungulira ya galimoto isiyana ndi masipuling'i a mapale amene azolowera pa ngolo ndi pa malole, amene amamasuka okha katundu akacoka. Mwini galimoto wopereka mashoko kwa makanika acita bwino kufunsa kuti aone makilampu nchito isanayambe, ndipo ngati palibe, apite nayo kwina kapena adikire kufikira abwerekedwe. Mtengo wa makilampu awiri sufika pa mtengo wa shoko ziwiri, ndipo amatha zaka zambiri.

Mnyamata wa ku Natuseko uja anagula ace mwezi wotsatira, pamodzi ndi malata awiri a pa khonde la amalume ace. Makilampuwo amawasunga m'buti ya takisi, ndipo oyendetsa anzace pa siteshoni amabwereka kaŵirikaŵiri. Sawalipiritsa kanthu, koma sawapereka kwa munthu amene sanamuonetse poyamba mmene amamangira mosinthanasinthana ndi kumene nsonga za mwendo ziyenera kuloza.